Mmene ndinasankhira nyimbo zokumbukira Soldier kuno ku Angónia

Kwathu kuno Sepitembala akamatha, mitengo ya tsamba ndi mombo m'mapiri a Dómuè imakhala itaphuka kale masamba ake ofiirira aja, mvula isanagwe ngakhale dontho. Mapichesi amakhala atamanga tizipatso, mango atayoyola maluwa, nyenje zikulira kuyambira m'mawa. Anthu ali kalikiliki kusosa ndi kugalauza, a fodya akuthirira nazale, a kachewere ali kumadimba. Ndi nyengo ya maukwati ndi ziliza, poti chimanga chikadali m'nkhokwe ndipo misewu ikupitika. Pakati pa zonsezi pali 4 Okutobala, tsiku limene dziko lathu la Mozambique limakumbukira mtendere umene unasainidwa ku Roma mu 1992. Ndi tsiku la tchuthi, ndiye banja lathu linalisankha kuti tizikumana kumudzi kwa agogo chaka ndi chaka, a ku Tete, a ku Moatize, a ku Ulónguè, ndi ena amene anatsalira tsidya lija ku Dedza ndi ku Ntcheu.

Mu 2024 akuluakulu anagwirizana kuti tsikuli tikumbukirenso Lucius Banda, woimba wa ku Malawi wodziwika ndi dzina loti Soldier, amene anamwalira pa 30 Juni chaka chomwecho ku Johannesburg atavutika nthawi yaitali ndi impso. Anali ndi zaka 53. Ntchito yosankha nyimbo inagwera ine, chifukwa ndine mphunzitsi ndipo ndili ndi laputopu. Ndikulemba izi kuti wina akadzapatsidwa ntchito yonga imeneyi, kaya ndi pa chiliza, kaya pa chikumbutso cha woimba wina aliyense, adzapeze poyambira.

Mwina a ku Malawi mungadabwe kuti banja la ku Mozambique likulira bwanji munthu wa ku Balaka. Ife tinathawa nkhondo mu 1986, ine ndili mwana, nkukakhala kwa abale m'midzi ya ku Dedza. Ambiri a ku Angónia sitinakhale m'misasa ayi, tinangolowa m'midzi ya anthu amene timayankhula nawo chinenero chimodzi, ena tili nawo pachibale chenicheni, nkumalandira ufa, nandolo ndi mafuta pa khadi. Sukulu ndinayambira kumeneko. Pamene tinkabwerera kwathu, mu 1994, Malawi anali atangovota kumene pa 17 Meyi, ifenso tikuyembekeza chisankho chathu choyamba cha zipani zambiri mu Okutobala. Chaka chomwecho ndi pamene chimbale choyamba cha Lucius, Son of a Poor Man, chinali pakamwa pa aliyense. Malume anga anagulitsa nkhuku ku Lizulu nkugula kaseti imeneyi, ndipo inawoloka nafe malire ili m'thumba la jekete lawo. Tinapeza midzi ili tchire lokhalokha, nyumba zitagwa, njira zina tikuziopa chifukwa cha mabomba okwirira. Usiku tikamaliza kudula mitengo ndi kumweta udzu wofolerera, malume ankatulutsa mabatire amene anawayanika padzuwa tsiku lonse, nkuyika kaseti ija. Ndiye kwa ife mawu a munthu ameneyu ndi mawu a chaka chobwerera kwathu. Ngakhale lero wailesi za ku Malawi zimamveka bwino kuno kuposa zina za kwathu konkuno, ndipo nkhani ya imfa yake tinaimva tsiku lomwelo, tikadali ndi chisoni cha ngozi ya ndege ya pa 10 Juni imene inapha a Saulos Chilima, mwana wa ku Ntcheu, pafupi pomwepa.

Poyamba penipeni panali kupeza nyimbozo. Pamsika uliwonse pali anyamata okopera nyimbo mu memore, ndipo ukangonena kuti "za Soldier zonse" amakudzazira mphindi zochepa. Musatenge zimenezo nkupita nazo pagulu musanazimvere nokha imodzi ndi imodzi mpaka kumapeto. Mwa zimene ndinapatsidwa, zina zinali zoduka pakati, zina munali mawu a wokopayo akudzitchula dzina pamwamba pa nyimbo, ndipo zingapo sizinali za Lucius nkomwe. Izi sizodabwitsa. Lucius anakulira mu Alleluya Band ya ku Balaka pansi pa mkulu wake Paul Banda, nkudzayambitsa Zembani Band mu 1997, ndipo oimba ambiri a m'nyengo imeneyo, monga Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro, anadutsa m'manja omwewo. Kaimbidwe ka ku Balaka nkofanana, ndiye mnyamata wobadwa 2005 akangomva kiyibodi ija amangolemba kuti Lucius. Akuluakulu amazindikira nthawi yomweyo, ndipo zimawapweteka. Komanso ngati muli ndi njira yogulira nyimbo movomerezeka pa intaneti kapena kwa ogulitsa enieni mukapita ku Lilongwe, gulani ngakhale chimbale chimodzi. Munthu wasiya ana. Kumulira uku tikudya thukuta lake ulere, ine sizindikomera.

Zimene zinandisangalatsa kwambiri ndi makaseti akale. Malume anamwalira kalekale, koma azakhali anasunga katundu wawo mu sutikesi ya chitsulo pansi pa bedi. Titatsegula tinapeza kaseti ija ya 1994, pamodzi ndi Down Babylon ndi Cease Fire, mapepala ake atachita chikasu, pena mphemvu zitadya. Alamu anga amakonza mawailesi ku Ulónguè, ndiye ndinapita nawo kwa iwo. Anaiyang'ana padzuwa, nkundionetsa timadontho toyera pa tepi.

"Iyi ndi nkhungu, alamu. Mukaiyika chonchi mu wailesi, iduka ndipo simudzaimvanso."

Analowetsa bolopeni m'kabowo nkuyamba kuipota pang'onopang'ono ndi dzanja, tepi ikudutsa pa kansalu kofewa kouma kamene anakagwira ndi zala ziwiri, mbali yonse mpaka kumapeto, nkubwereranso. Kasiponji kakang'ono kamene kamakankhira tepi ku mutu wa wailesi kanali katamatuka, ndiye anachotsa kena pa kaseti yopanda ntchito nkukamata ndi kadontho ka guluu. Mutu wa wailesi anaupukuta ndi thonje loviika mu sipiriti. Kenako tinalumikiza chingwe kuchoka potulukira mahedifoni kupita ku laputopu, nkujambula ndi pulogalamu yaulere yotchedwa Audacity. Voliyumu ya wailesi ikhale pansi, chifukwa mukakweza mawu amasweka ndipo sakonzekanso. Kaseti yakale muziiyesa kuti iimba kamodzi kokha, choncho yambani kujambula musanadine batani. Zimene zinatuluka zinali ndi kaphokoso ka "sss" kumbuyo, ndipo sindinakachotse. Ndinaganiza kuti akuluakulu akufuna kumva kaseti ya malume, osati nyimbo yoyera ya pa foni, ndipo tsikulo zinaoneka kuti ndi mmene zinalili.

Tsopano kusankha kwenikweni. Lucius anatulutsa zimbale zambiri pa zaka makumi atatu, ndipo simungaziyike zonse tsiku limodzi. Ndinachita ngati mmene amayi amasankhira mbewu pa lichero mwezi womwewu: sataya inayo chifukwa ndi yoipa, koma amayang'ana imene ikuyenera munda umene akukadzala. Munda wanga unali anthu amene adzakhale pabwalo: agogo, azakhali amene anataya amuna ndi ana pa nkhondo, ife a pakati amene tinakulira ku Malawi, ndi ana a ku Tete amene amayankhula Chipwitikizi ndi Chinyungwe kuposa Chichewa. Ndinayenda kwa akuluakulu mmodzimmodzi nkuwafunsa nyimbo imene akuikumbuka. Ambiri sadziwa mitu ya nyimbo, amangokuimbirani kachidutswa, ndiye jambulani pa foni mukafufuze kunyumba. Kufunsaku kunandithandiza kuposa china chilichonse, chifukwa nyimbo zimene ine ndinkaziyesa zazikulu si zimene amayi ankafuna. Iwo ankafuna zauzimu ndi zolangiza banja.

Panali vuto lina limene a kuno muyenera kuliganizira nthawi zonse. Chaka chimenecho chisankho chinali pa 9 Okutobala, ndiye tsiku lathu linagwera mkati mwa kampeni. Gulu la anthu, sipika yaikulu, ndi nyimbo zodzudzula olamulira, munthu wodutsa pamsewu atha kupita kukanena zina. Tinapita kwa a nyakwawa sabata isanakwane nkuwafotokozera kuti ndi mwambo wa banja, nkuwaitana kuti adzadye nafe. Tinagwirizananso kuti pasapezeke wovala malaya kapena chitenje cha chipani chilichonse. Nyimbo zimene zimalasa atsogoleri a ku Malawi mwachindunji ndinazisiya. Sikuti ndimaziopa, ndipo ndimaona kuti ndi mbali yaikulu ya ntchito yake, koma nkhani zake ndi za tsidya lija, ndipo pabwalo lathu sabata imeneyo aliyense akanazimva ngati zikunena chipani cha mnzake.

Za ndale zinabukabe. Bambo anga aang'ono, amene anatsalira ku Ntcheu, ananena poyera kuti iwo sakuona chifukwa cholemekezera munthu amene ankaimbira amphawi kenako nkukalowa ndale. Sindinawatsutse. Ndi zoona kuti anasankhidwa kukhala phungu wa Balaka North mu 2004, kuti mu 2006 anamangidwa nkutuluka ndi chimbale cha Cell 51 Maximum, kuti nthawi ina wailesi ya boma inasiya kuyika nyimbo zake, ndiponso kuti pomwalira anali mlangizi wa Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera. Anthu amaziona mosiyana zimenezi ndipo ali ndi ufulu. Pa mawu ochepa amene ndinayankhula tsikulo ndinazitchula zonse mwachidule, osabisa, osakometsera. Bambo aang'onowo atamva kuti sitikumusandutsa mngelo, anakhala pansi mpaka madzulo. Ndikuganiza kuti ndikanangomutamanda akananyamuka.

Ndondomeko ya tsiku ndinaiyala motsata dzuwa, chifukwa kutentha kwa Okutobala kumalamula zambiri, ngakhale kuno kumapiri kumene sikufika pa ng'anjo ya mumzinda wa Tete. M'mawa, amayi akusonkha moto, anyamata akutunga madzi ndi kusenda mbuzi, ndinayika zauzimu ndi zofatsa, motsitsa, kuti anthu azimvana akamalonjerana. Alendo akamafika pamakhala malonje aatali, ndipo sipika ikaposa mawu a agogo ndiye kuti mwawachotsera ulemu. Nthawi ya pemphero ndinazimitsiratu.

Nyimbo zolemera ndinazisungira masana, anthu atadya, atakhala pansi pa mitengo ya mango. Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Nyimbo ya "Mabala" a ku Malawi amaimva ngati ikunena za ulamuliro wa chipani chimodzi. Ife timaimva ndi zathu. Ndinadziwa kuti ikhudza anthu, ndiye ndisanaiyike ndinaimirira nkunena kuti imene ikubwerayi ndi ya pa kaseti ya malume, ndipo amene akuona kuti sangathe akhoza kupita kuseri kwa nyumba popanda womufunsa. Palibe ananyamuka. Kaphokoso ka kaseti kaja katangomveka, nyimbo isanayambe nkomwe, azakhali anga aakulu anavula duku nkuliyika pamaondo. Itafika pakati anakweza dzanja.

"Mwanawe, taimitsa kaye."

Ndinaimitsa. Anakhala chete pang'ono, kenako anayamba kutchula mayina. Amuna awo, amene anabwerera kukatenga ng'ombe tsiku lothawa lija osabweranso. Mwana wawo wa kumsana amene anamwalira m'njira nkuikidwa pansi pa mtengo umene sangauzindikirenso. Atamaliza, amayi ena anatchula awo, kenako ena. Ana a ku Tete amene anali pa mafoni anawayika pansi. Ambiri mwa iwo anali asanamvepo mayina amenewa, chifukwa m'banja mwathu za nkhondo sitizikamba. Azakhali atapukuta nkhope ndi duku lija anati, "Bwezera poyamba, tiimve yonse." Ndinabwezera.

Zimene ndinaphunzirapo nzoti woyika nyimbo asachoke pa sipika nthawi ngati imeneyi, ndipo maso ake akhale pa akuluakulu, osati pa foni. Musayike nyimbo zolemera ziwiri motsatizana. Ikatha imodzi musathamangire kuyika ina, siyani kanthawi anthu apume, amwe thobwa. Ndipo mukonzeretu nyimbo yotsatira, ikhale yofatsa koma yokweza mtima. Ine ndinayika yauzimu imene amayi onse ankaidziwa, ndipo anailandira okha nkuyamba kuimba nawo. Kuchoka pa maliro kulumphira pa gule nthawi yomweyo anthu amaona ngati mwawanyoza, komanso kuwasiya m'chisoni mpaka madzulo si chimene anabwerera.

Apa ndi pamene nyengo inandithandiza kusankha. Ena ankaganiza kuti chikumbutso ndi nyimbo zachisoni zokhazokha. Ine ndinakana. Mwezi uno munthu aliyense pabwalopo mutu wake uli pa mbewu, pa feteleza, pa denga loti afolere chizimalupsa chisanagwe. Ndi mwezi woyang'ana kutsogolo, ndipo mtendere wathu unabwera mwezi womwewu, chilala cha 1992 chili pachimake, anthu nkuyamba kuwoloka kudzasosa minda yawo yakale asanasamuke nkomwe. Lucius mwiniwake ankaikonda nyengo imeneyi, poti Sand Music Festival imene anaiyambitsa mu 2010 inkachitika kunyanja nthawi zambiri m'miyezi yomweyi. Choncho dzuwa litapendeka ndinatsegula zachikondi ndi zovinika, ndipo zinali zochuluka kuposa zachisoni. Agogo aamuna a zaka zoposa makumi asanu ndi atatu anaimirira ndi ndodo yawo. Fumbi linakwera mpaka anyamata anachita kuwaza madzi pabwalo, chinthu choti mukonzeretu ndi zidebe ziwiri kapena zitatu pambali.

Achinyamata musawaiwale. Mphwanga wina wa ku Moatize anabwera kwa ine masana nkundinong'oneza, "Malume, za ife zilipo?" Ndinali nditawasungira ola lawo chakumadzulo, ndipo ndinawauza kuti asankhe okha amapiano ndi kizomba zawo, bola zikhale zoti agogo angamve popanda kuchita manyazi. Chifukwa anadziwa kuti nthawi yawo ikubwera, sanavutitse masana onse. Mwana yemweyo pochoka anandipempha kuti ndimutumizire nyimbo ija azakhali anaimitsa.

Kutada tinazimitsa zonse. Kuno ndi kwa Angoni, ndipo palibe sipika imene ingalowe m'malo mwa ngoma amuna akamaponda pansi, amayi akuwomba m'manja. Mukamakonza ndondomeko musadzaze tsiku lonse ndi makina. Maola anayi kapena asanu a nyimbo zojambulidwa ndi okwanira.

Pali tinthu ting'onoting'ono ta makina timene timawononga tsiku. Masipika ambiri otchipa amaimba nyimbo motsata mmene munazikoperera mu memore, osati motsata mayina, ndiye yambani ndi memore yopanda kanthu, lembani 01, 02, 03 kutsogolo kwa dzina lililonse, nkuzikopera imodziimodzi motsatana. Gawani m'mafoda anayi: m'mawa, masana, madzulo, ndi za achinyamata. Nyimbo za pa kaseti zimamveka motsika kuposa za pa intaneti, choncho zifananitseni pa laputopu kuti musadzidzimutse anthu. Khalani ndi memore yachiwiri m'thumba. Ngati mukugwiritsa ntchito Bluetooth, foniyo muitseke kuti isalandire mafoni, chifukwa palibe chowawa ngati kulira kwa foni pakati pa nyimbo imene anthu akulira nayo. Musadalire intaneti ya tsiku lomwelo. M'midzi ya m'malire foni imadumphira yokha pa netiweki ya ku Malawi nkukudyerani ndalama zonse, ndiye tsitsiranitu zonse muli ku tauni. Kumudzi kwa agogo kulibe magetsi, tinagwiritsa ntchito batire ya galimoto ndi sola, ndipo batireyo ndi sipika zikhale pamthunzi, pa tebulo, osati pansi pa fumbi. Jenereta ndinaikana chifukwa phokoso lake limakakamiza kukweza nyimbo.

Chinthu china chimene sindinachiyembekezere chinabwera mawa lake. Anthu ankafuna kupita nazo nyimbozo kumunda. Ambiri ali ndi tiwailesi ta sola tolowa memore timene amatikoleka pa nthambi akamagalauza. Ndinawakonzera mndandanda wina waufupi, wopanda zolira, wa rege yofatsa ya ku Balaka ija imene imayenderana ndi kukwera ndi kutsika kwa khasu. Za pa kaseti ya malume ndinapatsa nyumba iliyonse ya m'banja mwathu, pamodzi ndi mawu a azakhali akutchula mayina, amene mdzukulu wina anawajambula pa foni. Tisanagawe tinakawapempha kaye azakhaliwo, ndipo anavomera pokhapokha zisapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp a anthu akunja. Mukajambula zoterezi, pemphani chilolezo kwa mwiniwake musanatumize kwa wina aliyense.

Makaseti enieniwo tinawabwezera kwa azakhali amene ankawasunga aja, koma osati mu sutikesi ya pansi pa bedi, chifukwa chinyezi cha dzinja ndi chimene chinabweretsa nkhungu ija. Alamu anati tiwapote mpaka kumapeto kwa mbali imodzi, tiwaimike choimirira m'chigoba cha pulasitiki chotseka bwino, nkuchiyika pamwamba, kutali ndi sipika ndi wailesi chifukwa maginito amafufuta mawu. Amayi a m'banjamu anena kale kuti ulendo wina akufuna Grace Chinga, amene anatisiya mu 2016, ndipo anyamata a msinkhu wanga akukakamira Evison Matafale, amene anamwalira mu Novembala 2001. Ngati kwanu kuli makaseti a anthu amenewa m'masutikesi, atulutseni muwayang'ane padzuwa mvula isanayambe.